Mano Awiri Padenga

Elina ankakhala ku Chawama. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Dziko la Zambia linali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Onse awiri anali akadali ana.

Elina ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kudyanso chimanga chootcha ndi atate ake.

Atate ake anali a Goliati. Ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi msika. Anali aatali. Anali ndi manja aakulu, akuda ndi girisi.

Loweruka lililonse Elina ankapita kumtengoko. Atate ankagula chimanga chimodzi pa mbaula. Ankachithyola pakati. Theka la Elina. Theka la atate. Ankadya mopikisana. Womalizira ndiye ankakataya zitsononkho.

Koma Loweruka lina atate analuma kamodzi, n'kuleka. Pachimanga panali magazi.

"Atate, mwadziluma?" anafunsa Elina.

"Ndakhuta," anatero atate. "Idya chonse."

Elina anadya chonse. Sichinakome.

Loweruka linalo atate anagulanso chimanga. Sanachithyole. Anangomupatsa Elina.

"Ndakhuta," anatero.

Sanakhute ayi. Nkhama zawo zinkadwala.

Nkhama ndi nyama imene imagwira mano. Nkhama za Elina zinali zolimba. Nkhama za atate zinali zotupa. Zinali zofiira. M'mawa akatsuka m'kamwa, ankalavula magazi. Ankakwirira ndi phazi kuti amayi asaone.

Amayi ankaona. Amayi a Elina dzina lawo linali Virginia. Ankaona zonse za pakhomopo. Sankanena zonse, chifukwa ntchito inali yambiri.

"Atate ake Elina, pitani kuchipatala," anatero amayi.

"Mawa," anatero atate.

Kunacha.

"Pitani kuchipatala."

"Mawa."

Amayi anatenga ndowa. Anapita kumpopi. Madzi sadikira munthu.

Atate analeka kuseka. Polankhula ankayang'ana kumbali. Ankaika dzanja pakamwa, chifukwa m'kamwamo munkanunkha.

Tsiku lina kumtengo kunabwera ba Lemmy. Ba Lemmy ankagulitsa makala pa njinga. Tayala lawo linaphulika. Iwo anali munthu wa nkhani zambiri.

"Ba Goliati, namva ati mufuna kuyenda ku chipatala cha mano," anatero ba Lemmy. "Musayendeko."

Anatola pulayala m'bokosi la atate. Anamukweza m'mwamba.

"Mwamuona uyu? Wa kuja ni mukulu kuchila uyu. Bakagwila limodzi, bachosa yonse. Ba malume banga banabwelako na kamwa monga thumba lilibe kanthu."

Atate anaseka milomo ili yotseka.

Elina sanaseke. Pulayala ankamudziwa. Anamuonapo akuzula msomali m'tayala. Anamuonapo akudula waya. Anayang'ana pulayala. Anayang'ana pakamwa pa atate. Anachita mantha.

Masiku amenewo dzino la Elina linkagwedera. Linali lakutsogolo. Ankalikankha ndi lilime. Linkapita uku. Linkapita uko.

Lamlungu m'mawa analuma banzi. Dzino linatsalira m'banzimo.

"Laguluka," anatero Elina.

Atate nawonso analuma banzi, ataliviika m'tiyi. Anaima. Analavulira m'dzanja. M'dzanjamo munali dzino lalitali, lachikasu.



Elina ankadziwa chochita. Ana onse a mu mzere wa nyumba zawo ankadziwa. Dzino likaguluka, umaima panja. Umafulatira nyumba. Umatsinzina. Umaliponya padenga. Umauza khwangwala kuti atenge lakale, abweretse latsopano.

Elina anatenga dzino lake. Anatenganso la atate. Anatuluka panja.

Denga linali la malata. Pamwamba panali miyala ndi tayala lakale, kuti mphepo isalitenge. Pa tayalalo panatera khwangwala.

Elina anafulatira. Anatsinzina.

"Khwangwala, ili ndi langa. Ndibweretsere latsopano."

Kho, pamalata.

"Ili ndi la atate. Lawo likhale lalikulu."

Kho, pamalata.

Khwangwala anauluka.

Amayi anaima pakhomo, manja m'chiuno.

"Lakolo limera," anatero. "La atate ako silimera. Munthu wamkulu sameranso mano."

"Ndani adziwa?" anatero atate. "Mwana wapereka kale ntchito kwa khwangwala. Tidikire."

"Mudikire khwangwala? Iyeyo ali ndi mano angati?"

Atate anakanda kumutu.

"Chabwino, amake Elina. Mano apita tsiku limodzi. La Elina likamera, langa osamera, ndipita kuchipatala."

"Mwanena?"

"Ndanena."

"Elina, wamva? Mboni ndiwe."

Amayi anamanga chitenje. Anapita kukaima pamzere wa sopo. Zaka zimenezo sopo ankasowa m'masitolo. Wochedwa ankabwerera chimanjamanja.

Pa njinga ya atate panali kagalasi. M'mawa uliwonse Elina ankadziyang'ana. Ankakweza mlomo. Panali mpata. Panalibe dzino.

"Atate, tsegulani ndione lanu."

Atate ankatsegula pang'ono. Panali mpata. Panalibe dzino.

Sabata inatha. Ina inatha. Inanso inatha.

Atate analeka kudya nyama. Analeka mtedza. Analeka ngakhale tinsomba ta kapenta. Ankamwa phala basi. Anaonda. Lamba anayamba kukhwepa. Anaboola bowo lina ndi msomali.

Kale atate ankapopa matayala khumi osapuma. Tsopano ankapopa limodzi n'kukhala pansi.

"Mwatopa, atate?"

"Dzuwa," ankatero atate.

Kunalibe dzuwa. Kunali mitambo.

Lachiwiri m'mawa Elina anadzuka. Lilime linapita pa mpata paja. Linagunda kanthu. Kanthu kolimba. Kanthu kakuthwa.

Anathamangira ku kagalasi. Anakweza mlomo. Kanali koyera, kakang'ono ngati mpunga.

Dzino linamera.

Elina anakondwa. Anafuna kuitana amayi. Anatsegula pakamwa.

Kenaka anakumbukira pulayala.

La Elina likamera, atate apita kuchipatala. Akapita kuchipatala, awazula onse. Abwera ndi kamwa ngati thumba lopanda kanthu.

Elina anatseka pakamwa.

"Tsegula ndione," anatero amayi pomupesa tsitsi.

"Palibe," anatero Elina, milomo ili pamodzi. Anatenga mabuku n'kuthamanga.

Kusukulu anaimba nyimbo ya fuko milomo ili yotseka. Anzake anaseka nthabwala. Iye sanaseke. Kunyumba anadya atayang'ana kukhoma.

Lachitatu sanatsegule.

Lachinayi sanatsegule.

Dzino silinamvere. Linkakulabe.

Lachisanu Elina anaweruka masana. Anapita kumtengo wa mango.

Njinga ya ba Lemmy inali chagada. Unyolo unali pansi. Ba Lemmy anaima pambali, osalankhula. Zimenezo zinali zachilendo.

Atate anagona pa thumba. Anavala jekete. Tsiku limenelo dzuwa linaliko, koma iwo ankanjenjemera. Tsaya lawo linatupa ngati mango.

"Atate."

"Ndi malungo chabe," anatero atate. Mawu anatuluka pang'ono.

Elina anawagwira pamphumi. Panali potentha ngati mbaula.

Atate anafuna kudzuka. Anatola sipanala. Sipanala inagwa. Anagonanso.

Elina anayang'ana m'bokosi. Pulayala anali momwemo. Anayang'ana atate. Atate aatali aja, ali pa thumba, osatha kunyamula sipanala.

Anagwada pafupi nawo.

"Atate, onani."

Anatsegula pakamwa. Anakweza mlomo ndi chala.

Atate anayang'ana nthawi yaitali.

"Lamera liti?"

"Lachiwiri."

"Lero ndi Lachisanu."

"Inde."

"Bwanji sunanene?"

"Ndinaopa pulayala."

Atate anayang'ana m'bokosi. Kenaka anati, "Inenso."

Anapuma pang'ono.

"Koma ndinanena. Kaitane amayi ako."

Elina anathamanga. Anadutsa msika. Anadumpha ngalande. Anapeza amayi akuchapa.

"Amayi, dzino langa lamera. Atate agona pansi. Akuti apita."

Amayi anapukuta manja. Sanafunse zambiri. Anayenda msanga.

Atafika anagwira atate pamphumi. Anayang'ana m'kamwa mwa Elina.

"Ili si la lero," anatero.

"La Lachiwiri."

"Iwe ndi atate ako, mutu umodzi."

Ba Lemmy anayamba. "Ba mayo, ine nenze kukamba chabe kuti..."

"Ba Lemmy, mwakamba kokwanira. Tsopano kankhani njinga."

Atate anakhala pa kaliyala ya njinga yawo ya kagalasi ija. Ba Lemmy anakankha. Amayi anagwira kumbuyo. Elina ananyamula jekete imene atate anavula. Anafika pokwerera basi.

Chipatala chinali m'tauni. Munali mabenchi aatali. Munali anthu ambiri. Anadikira. Atate anatsamira pa phewa la amayi.

Dokotala wa mano anali mzimayi wamfupi. Dzina lawo linali ba Musonda. Ankawalekeza atate m'chifuwa.

"Khalani apa, ba Goliati. Tsegulani kamwa."

Atate anatsegula pang'ono.

"Tsegulani monga mukuyasamula."

Atate anatsegula kwambiri. Ba Musonda anaunika ndi kanyale. Anagwedeza mutu.

"Ivi vinayamba liti?"

"Posachedwa," anatero atate.

"Chaka chatha," anatero amayi.

Elina anakoka malaya oyera a ba Musonda.

"Muchotsa onse?"

"Ndani anakuuza?"

"Ba Lemmy."

"Ba Lemmy ni ba dokotala?"

"Iyayi. Amagulitsa makala."

"Basi bazigulitsa malasha yabo. Mano basiyile ine."

Ba Musonda anakhala pa kampando. Analankhula ndi Elina ngati ndi munthu wamkulu.

"Ba tate bako bali na matenda ya nkhama. Chakudya chikatsalila pa mano, tizilombo tibwela. Tidya nkhama. Nkhama zileka kugwila mano."

"Nanga kutentha thupi?" anafunsa Elina. "Mano ali kuno. Kutentha kuli konse."

"Kamwa ni chitseko cha thupi. Tizilombo sitikhala pa chitseko chabe. Tilowa mu magazi. Magazi yayenda thupi lonse. Ndiye kutentha uku. Ndiye kufooka uku. Mukatisiya, tingavutitse na mtima."

Atate anagwira pachifuwa.

"Mwabwela bwino lelo," anatero ba Musonda. "Sabata ina, sembe nakugonekani mu wadi."

Elina anayang'ana pansi. Anawerenga masiku ake atatu aja. Amayi anamuika dzanja pamutu. 

Tsiku limenelo atate anabayidwa jakisoni. Ba Musonda anachotsa mafinya m'chotupacho. Anawapatsa mapilitsi.

"Mumalize yonse. Mubwele Lachitatu."

"Ndibwera ma..." anayamba atate.

"Lachitatu," anatero amayi.

Lamlungu thupi linazizira. Lolemba tsaya linaphwa. Lachitatu anabwerera.

Pulayala analipodi. Koma anali wamng'ono. Anali wonyezimira ngati supuni yatsopano. Wa atate anali wamkulu kuposa ameneyo.

Ba Musonda anayamba abaya kajakisoni m'nkhama.

"Simuzamva kuwawa. Muzamva kukoka chabe."

Elina anagwira chala cha atate. Chalacho chinadzaza dzanja lake lonse.  Elina anachigwira zolimba.

Dzino limodzi linatuluka. Linanso linatuluka. Onse awiri anali ogwedera kale.

"Basi," anatero ba Musonda.

"Basi?" anafunsa atate, thonje lili m'kamwa.

"Yabili chabe. Yenangu yazakhala, mukayasunga."

Mano otsalawo anawapala. Anachotsa litsiro louma ngati timiyala. Linali lambiri.

Mano awiri aja anali m'kambale. Elina anawayang'ana.

"Ndikawaponye padenga?"

"Ungaponye," anatero ba Musonda. "Koma siyazamela. Mwana amela mano kabili. Yoyamba yachoka, yachibili yabwela. Yachitatu kulibe. Ilo lako latsopano ndiye lomaliza. Ulisunge."

Elina anagwira dzino lake ndi lilime. Anasiya mano a atate m'kambale.

"Nanga mpata wa atate?"

"Nkhama zikapola, tizabapangila mano yoikilila."

Atabwerera kunyumba, amayi anakaima pamzere kusitolo. Mankhwala otsukira mano kunalibe. Anabwera ndi mchere. Anabweranso ndi miswachi iwiri. Waukulu ndi waung'ono.

"Mchere m'madzi ofunda," anatero. "M'mawa ndi madzulo. Sindikumbutsa munthu."

Ankakumbutsa tsiku lililonse.

M'mawa atate ndi Elina ankaima kuseri kwa nyumba. Ankatsuka. Ankachukucha. Ankalavula. Elina ankayang'ana pansi.

Sabata yoyamba panali magazi.

Sabata yachiwiri panali pang'ono.

Mwezi utatha panalibe.

Atate analeka kukwirira ndi phazi. Anayamba kudya kapenta. Anayamba kudya nyemba. Lamba anabwerera pa bowo lakale. Ankapopa matayala khumi osapuma. Polankhula ankayang'ana munthu kumaso.

Nyengo yozizira inafika. Atate anapita kwa ba Musonda. Analuma chinthu chofewa ngati dongo. Anapitanso sabata ina. Anabwera ndi mano atatu oyera. Anali pa kambale kofiirira kolowa m'kamwa.

Masiku oyamba ankalankhula ngati akuimba mluzu. Elina ankaseka. Atate nawonso ankaseka, pakamwa pali potsegula.

Ba Lemmy anabwera ndi tayala lina lophulika. Anasuzumira.

"Ba Goliati, aya ni yabwino kuchila yakale. Khwangwala anabweletsa?"

"Ba Musonda," anatero Elina.

Ba Lemmy anagwira tsaya lawo. Anafunsa chapansipansi.

"Bapezeka masiku bwanji?"

Mvula inabweranso. Chimanga chinakhwima. Pamsika mbaula zinayamba kufuka.

Loweruka Elina anapita kumtengo wa mango. Atate anasamba m'manja. Anagula chimanga chimodzi. Anachigwira uku ndi uku kuti achithyole pakati.

Amayi ankadutsa ndi ndowa pamutu. Anaima.

"Pakati?" anatero. "Amene anakhala nanu pa benchi tsiku lonse ndi ndani?"

Atate anathyola patatu.

Amayi anatula ndowa. Anakhala pa bokosi la zitsulo. Anatambasula miyendo.

"Lumirani m'mbali," anauza atate. "Ba Musonda ananena."

Atate analumira m'mbali. Anatafuna pang'onopang'ono. Elina anamaliza poyamba. Amayi anamaliza kachiwiri. Atate anamalizira.

"Ndipatseni ndione," anatero Elina.

Anatenga chitsononkho cha atate. Anachitembenuza. Anachitembenuzanso. Chinali choyera mbali zonse.

"Mwakhuta, atate?"

"Sindinakhute," anatero atate. "Sabata yamawa tigula ziwiri."

Anatola zitsononkho zitatu, poti womalizira anali iwo. Anakazitaya kudzala.

Khwangwala anatera. Anatola chimodzi n'kuuluka nacho padenga.

"Ntchito imene amaidziwa ndi imeneyo," anatero amayi.

Anasenza ndowa yawo, n'kumapita.